Zipi Yaitali ya Atcheya

Ku Ntaja, kuseri kwa msika, panalibe wosamudziwa Lukiya wamakina. Makinawo anali osokera, opukusa ndi dzanja, ndipo ndi okhawo amene mwamuna wake Sadiki anabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni, kupatula chifuwa chimene chinamupha. Anamusiyira ana atatu. Utelala Lukiya anangodziphunzitsa yekha pakhonde, koma lamulo limodzi ankalidziwa ngati telala aliyense wa masiku amenewo: nsalu yachipani ungaidule pena paliponse, koma osati pankhope ya mtsogoleri.

M'mawa wina kunatulukira Mayi Martina, tcheya wa amayi achipani m'deralo, mayi wolankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"ALukiya, zipi ya diresi yanga yovinira yafa. Ndagula ina ku Balaka, nayi. Lole yotitengera kumsonkhano ku Liwonde ibwera dzuwa lili paliwombo, ndidzaipeze yatha."

Zipiyo inali yachitsulo, yaitali ngati ya chikwama. Koma ndani angauze atcheya kuti agula yolakwika? Lukiya anangoti, "Musade nkhawa, amayi."

Kufupikitsa zipi sinali nkhani. Umayeza, n'kukulunga ulusi kangapo pamano pamene ukufuna ithere, kenaka n'kudula mchira wotsalawo. Kudulako, masiku onse Lukiya ankachita asanaisokere pachovala. Tsiku limeneli, chifukwa cha phuma, anayamba n'kusoka. Mchira unatsala ukulendewera mkati mwa diresi, kuseri kwenikweni kwa nkhope ya mtsogoleri imene inali kumsana kwa diresiyo. Sizasi yake yobuntha inaluma dzino la zipi n'kukanirira. Anakanikiza ndi manja onse awiri. Inaterereka, nsalu n'kuti kwee, kuchokera pachipumi mpaka patsaya.

Lukiya anaponya sizasi pansi. "Ya Allah, ana anga!" Anakumbukira bambo wina amene anthu ankati anakulungira usipa m'pepala la chithunzi chomwecho, achinyamata achipani anamutenga, ndipo dzinja lachitatu linali litadutsa asanabwere. Nanga iye akatengedwa, anawa adya kwa yani? Anayesa kusoka pong'ambikapo, koma panaoneka ngati mphini. Anaphwasula, misozi ikudontha pansalu ya eni ake.

Chitenje chake chovinira chinali cha mtundu womwewo, chimodzi chokhacho. Anadulako chigawo cha nkhope yabwino, n'kusokera diresi ija msana watsopano. Chinatsala ndi chidutswa chovulalacho. Kuchiotcha? Fungo la nsalu limaitana mafunso a anansi. Kuchitaya m'chimbudzi? Mlandu wake ungapose woyambawo. Anachilumikiza kuchitenje chake, kumapeto kumene amatsomeka m'chiuno.

Lole italiza hutala, Mayi Martina anavala diresi yawo, n'kukoka zipi, kukwera ndi kutsika bwinobwino.

"Manja anu ndi odala! Nanga mukudikiranji? Valani nsalu mukwere. Lero ndikuikani mzere wakutsogolo."

"Iyayi amayi, ine kumbuyo komwe kuja."

"Kutsogolo, ndanena."

Ku Liwonde dzuwa linaswa mtengo. Ng'oma zitalira, amayi onse anakweza manja m'mwamba, koma Lukiya anakweza limodzi. Linalo linali pachiuno, litapanikiza potsomeka paja, poopa kuti chitenje chingamasuke pamaso pa akuluakulu.

"Kwezani manja, aLukiya!" anakuwa atcheya.

"Ndi nyamakazi, amayi."

Anzake anamuseka, n'kumutcha Nadzanjalimodzi, ndipo dzinalo linamukhalira mpaka ukalamba. Iye ankangoseka nawo, poti dzina silitsekera munthu m'ndende. Chitenjecho anavina nacho zaka zinayi. Ankachichapira m'nyumba atatseka chitseko, ndipo sanachiyanikepo padzuwa ngakhale tsiku limodzi.