Ndiwo Zimene Amayi Sanakhudze

Chaka chimene ndinali mu giredi teni, ba ante, mlongo wamkulu wa atate, anachoka ku Shikabeta kudzakhala kwathu ku Mpanshya. Amuna awo anali atagonekedwa kuchipatala cha mishoni chifukwa chothyoka mwendo, ndipo nyumba yathu ili pafupi. Amayi anawapatsa bedi langa ndi bulangete latsopano. Ine ndinasamukira pamphasa osadandaula.

Nkhani inayambira pa madzi. M'mawa wina ba ante anaona atate akuchokera kuchitsime atamangirira zigubu ziwiri panjinga. Atate ankachita zimenezi kuyambira pamene msana wa amayi unayamba kuvuta, ndipo kwathu palibe ankaziona zachilendo.

"Iwe," anatero ba ante tikudya masana, "mwamuna wandevu kutungira mkazi madzi? Anakudyetsa uyu. M'ndiwo zakezi muli mankhwala. Ine sindilawanso."

Atate anaseka. Koma ba ante sanaleke. Mawa lake ananenanso, mkuja lake ananenanso, mpaka anawonjeza kuti achibale onse ku Shikabeta amawaseka. Kuseka kwa atate kunayamba kuchepa. Tsiku lina madzulo amayi anaphika chibwabwa, masamba a maungu, chotendera nsinjiro, chothyola m'munda tsiku lomwelo. Atate sanavundukule n'komwe mbaleyo.

"Mwanayu azitiphikira ine ndi mlongo wanga mpaka odwala atuluke," anatero osayang'ana munthu. "Kuti pakhomo pakhale mtendere."

Amayi ananyamula mbale ija ili yovundikira, nabwerera nayo kukhichini. Kwathu mbale ya mwamuna ikabwerera chonchi, ndiye kuti mkazi wauzidwa kuti ayambe kuganiza za kwawo. Sanalire. Anangokhala pachitsa n'kumakanda mphika umene unali woyera kale. Ine ndinawayang'ana, ndipo ndinalumbira kuti ba ante adzadya mawu awo opanda mchere.

Kuphika ndimadziwa bwino. Amayi anandiphunzitsa ndili wamng'ono. Koma mbale ya atate ndi ba ante ndinaiphikira mwa mtundu wina. Zonse za m'munda mwathu anabzala ndi amayi, choncho ndinati sindingazigwiritse ntchito. Ndinkatenga kabichi wofota wa pamsika, kumuwiritsa m'madzi ambiri, kuthira kamchere, basi. Tsiku lotsatira kapenta wouma, wosakazinga. Ndikapita nazo ndinkagwada bwinobwino, ndi ulemu wonse.

"Ba ante, izi amayi sanazikhudze. Idyani momasuka."

"Nanga matimati?"

"Anabzala amayi."

"Anyezi?"

"Amayi."

"Ngakhale kansinjiro, mwana iwe?"

"Nshawa anasenda ndi amayi, ba ante. Ndikuopa kukudyetsani."

Inali nyengo ya mvula, nthawi imene pakhomo pathu pamanunkhira kwambiri. Ndinapempha amayi kuti tiziphikira panja, ndinati utsi wa m'khichini ukundipweteka maso powerenga. Mbaula ndinaiika kumene mphepo imachokera, moyang'anana ndi khonde limene atate amadyerapo. Ndikaweruka kusukulu ndinkalowa m'tchire kukazula bowa. Amayi ankamuphika ndi matimati ofiira a m'munda. Tsiku lina impwa, timabiringanya tating'ono tija, tsiku lina delele wa chidulo, tsiku lina chimanga chachiwisi chowotcha. Ine ndi amayi tinkadyera pomwepo, ndipo ine ndinkanyambita zala mokweza kuposa mmene mtsikana wophunzira amayenera kuchitira.

Amayi anandidzudzula kamodzi. "Atate ako akuwonda."

"Anasankha okha wophika," ndinayankha. Anathira bowa wina m'mbale yanga.

Atate ankatafuna kabichi wawo ngati mbuzi yodwala. Ba ante anayesa kuphika okha, koma m'mawa ndi masana ankakhala kuchipatala, ndipo pobwera miyendo inali itatupa. Ankangolandira zanga.

Lamlungu lina, titabwera kutchalitchi, amayi anapha tambala wawo. Anamuphika pang'onopang'ono monga amachitira, wopanda mafuta a saladi, mafuta ake omwe akukwanira, msuzi wofiirira wogwira supuni. Ine ndinapereka kaye kapenta wanga pakhonde. Kenako ndinatenga mbale ya nkhuku, nthutumba ili pamwamba. Nthutumba ndi ya mwini nyumba, wina aliyense saidya. Ndinadutsa nayo pafupi ndi atate pang'onopang'ono, ngati ndikupita kwina.

"Ukupita nayo kuti?" anafunsa.

"Kwa a neba, atate. Pano palibe woidya."

Atate anayang'ana kapenta, anayang'ana mlongo wawo, kenako anayang'ana amayi amene anaima pakhomo la khichini ndi chikombe m'manja.

"Bweretsa kuno."

Ndinagwada n'kuika mbale patsogolo pawo. Anatola nthutumba, naidya tonse tikuona. Anatema nsima, naviika mumsuzi, nadya mpaka thukuta linatsika pamphumi.

Ba ante anameza mate. Dzanja lawo linayamba kuyenda lokha kulowera ku ntchafu ya nkhuku. Ndinakoka mbale pang'ono.

"Pepani ba ante, iyi aphika ndi amayi. Mungayambe kutungira anthu madzi."

Atate anatsamwa ndi kuseka mpaka misozi. Ba ante anadzuka n'kulowa m'nyumba, chitseko chinamveka mpaka kwa a neba. Amayi anandiitana dzina lonse mwaukali, koma nditafika kukhichini ndinawapeza atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Madzulo amayi anawapakulira ba ante phiko ndi msuzi, n'kundituma kuti ndikapereke. Ndinakana. Anakapereka okha, chifukwa amayi ndi munthu wabwino kundiposa. Mbaleyo inabwera yopanda kanthu, ngakhale fupa linali lotafunidwa.

Odwala atatuluka, atate anakweza katundu wa ba ante pa minibasi. Amayi anawamangira thumba la nshawa ndi maungu awiri. Ine ndinaima pamsewu mpaka galimoto inazimiririka, sindinabayibitse. Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga, chifukwa atate anali atapempha delele, ndipo wina anayenera kukathyola dzuwa lisanatenthe.