Katemera pa Maliro a Yusufu

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona panja pamphasa pamodzi ndi amuna amene anachezera nafe, ndipo moto wathu unali utatsala makala okhaokha. Ena anali akadali m'tulo chokhala, misana itatsamira nkhokwe. M'nyumba amayi anali atatopa ndi kulira. Ankangotchula dzina la Mulungu motsitsa mawu.

Womwalirayo anali Yusufu, mdzukulu wa achemwali anga, mwana amene anali atangophunzira kundilonjera ngati munthu wamkulu. Chinamutenga ndi chikuku. Chaka chimenecho matendawa analowa m'midzi ya kuno ku Nkaya mbali zonse za njanji, ndipo timanda ta ana tinali titachuluka kale tisanakumbe kathu. Ife Asilamu sitikonda kugoneka maliro, koma mwanayo anatisiya dzuwa likulowa, ndipo mumdima sakumba manda.

Mwini mbumba ndinali ine. Zonse za tsikulo zinali pamutu panga. Ndisanayambe china chilichonse ndinapita kukhonde, kumene mayi wina woyandikana nafe anagona ndi Asiyatu, mlongo wake wa Yusufu, khanda longoyamba kuimirira pogwira khoma. Ndinamugwira pachipumi. Sanatenthe. Ndinamuunika m'maso ndi koloboyi. Sanafiire. Mayi wake anatsala ndi ameneyo yekha, ndipo anali asanabayidwe katemera. Yusufu nayenso sanabayidwe. Chipatala chinali kutali, ndipo panjira yake pankakhala anyamata ofunsa khadi la chipani. Amayi ambiri ankabwerera panjira, ena osanyamuka n'komwe. Zimenezi masiku amenewo sitinkazinena mokweza.

Titaswali pemphero la m'bandakucha, okumba manda ananyamuka. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo nthaka ya kuno nyengo imeneyo ndi mwala. Ankakumba ndi mapiki, kuthira madzi, kudikira kuti alowe pansi, kukumbanso. Madziwo anatunga ndi amayi a kutsidya kwa njanji, Akhristu, amene anapita kumjigo kukadali mdima popanda wowatuma. Anayenda maulendo ambiri. Ndikuwathokoza.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Sitima ya m'mawa inatsitsa achibale a ku Balaka. A kuchimuna, kwawo kwa bambo wa mwanayo, anabwera pa lole kuchokera ku Ntaja, atatenga ena pa Nsanama. Iwo tinawatumira uthenga mwana atangoyamba kufooka, choncho ankabwera kudzazonda matenda. Anatsika ndi nthochi ndi shuga. Ataona khamu pabwalo anaziika pansi pomwepo.

Kuseri kwa nyumba anayala mafuwa, moto unayaka malo angapo. Wina anabweretsa nandolo, wina matemba, wina mtolo wa nkhuni. Pafupifupi mayi aliyense anali ndi mwana kumsana, chifukwa panalibe womusiyira, midzi yonse inali kwathu. Ndinayang'ana timitu timeneto tikulendewera padzuwa, mtima wanga sunakhale pansi.

Dzuwa litakwera ndithu kunafika munthu wa zaumoyo pa njinga, atamanga bokosi loyera kumbuyo. Anatsika patali, nakankha njingayo mpaka pamthunzi wa mango, nafunditsa bokosilo thumba lonyowa. Anavula chipewa, nakhala pansi ndi amuna. Sanayambe ndi za ntchito yake. Anapepesa kaye, nakhala nafe nthawi yaitali. Zimenezo ndinaziona. Kenako anasendera kwa ine.

"Bambo, ndili ndi mawu, koma malo ake si ano."

"Nenani."

Anati anatumidwa kukabaya ana katemera wa chikuku pasukulu, koma anapeza pali zii, anthu onse ali kumaliro. Mankhwala anali m'bokosimo pamadzi oundana. Ndi dzuwa limenelo madziwo sakanafika madzulo, ndipo akasungunuka mankhwala amafa. Ena sankadziwa kuti adzabwera liti.

"Ana amene ndimawafuna ali pabwalo panu pano," anatero. "Mukakana, ndikhala nawo maliro ngati wina aliyense, ndibwerera."

Ndinamufunsa za Asiyatu, amene ankagona mphasa imodzi ndi wodwalayo. Sanandinamize. Anati mwina matenda alowa kale, mwina ayi, koma kumubaya lero kunali bwino kuposa kumusiya.

Ndinaitanitsa achemwali kuseri kwa nkhokwe. Anabwera maso atatupa. Ndinawauza.

"Achimwene, mwapenga? Mwana ali m'nyumbamo asanasambe, inu mukuika sikelo pabwalo?"

"Sikelo ayi. Jakisoni."

"Chikuku sichifuna singano. Chikamva singano chimathawira m'kati. Mukufuna tikumbe awiri?"

"Yusufu anamubaya ndani?"

Anamanga chitenje chawo mwamphamvu, nayang'ana kumbali.

"Ana a eni ake abayeni. Wanga iyayi."

Anabwerera m'nyumba.

Ndinapita kwa a shehe. Anati palibe choletsa kusamala wamoyo tsiku loika wakufa, koma jeneza, chithatha chonyamulira maliro, isachedwe chifukwa cha zimenezo, ndipo swala, pemphero lathu la maliro, isasokonezedwe. Apo ndinapeza njira. Kwathu amayi sapita kumanda. Amuna tikanyamula maliro, iwo amatsala pakhomo n'kumadikira, ndipo nthawi imeneyo pabwalo sipakhala mwambo wina uliwonse. Ndinauza wa zaumoyo uja kuti ayambe jeneza ikakhota pa mlambe, ndipo tikamabwera akhale atamaliza.

Wapampando wa chipani m'dera lathu anali pomwepo. Atamva anati alengeza yekha, ndipo anyamata ake atsala kuti afoletse amayi.

"Anyamata anu anyamule jeneza monga amuna onse," ndinamuuza. "Maliro ndi anga. Pano lero safunsa khadi."

Anandiyang'ana. Mawu otere masiku amenewo ankagoneka munthu kupolisi. Koma nayenso anali ataika mwana wa mlongo wake masiku apitawo. Anangoti, "Mwanena, eni maliro." Nayenso ndimamuthokoza.

Ndinaimirira ndekha pakati pa bwalo. Ndinathokoza amene anabwera. Ndinati tikanyamuka, mayi wofuna kuti mwana wake abayidwe apite pa mango, wosafuna akhale, palibe womukakamiza ndiponso palibe chomufunsa. Ndinakhala pansi.

Singano zinafunika kuphikidwa kaye m'madzi otentha. Amayi ophika anaphula mphika umodzi, namupatsa mafuwa mlendoyo. Mmodzi anati, "Adokotala, zisagwere m'nandolomu." Ena anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa.

Mwana anasambitsidwa, navekedwa sanda. Tinamuswalira pabwalo, titaimirira m'mizere, dzuwa likuotcha kumapazi. Tikumutulutsa, kulira kwa amayi kunakwera, ndipo mayi wake anagwa pakhomo. Anzake anamubwezera m'nyumba.

Jeneza inali yopepuka. Munthu mmodzi akanatha kuinyamula, koma amuna ankalandirana phewa ndi phewa, aliyense kufuna gawo lake, Asilamu ndi Akhristu, anyamata a chipani omwe. Tinakhota pa mlambe, tinadumpha njanji, tinalowa m'njira ya fumbi yopita kumanda. Kunalibe mphepo. Mitengo inali yopanda masamba.

Bambo wa Yusufu anatsikira m'dzenje. Anamulandira mwana, namugoneka cham'mbali m'kamphanga koyang'ana ku Maka. Anatchinga ndi timitengo. Aliyense anaponya dothi, a shehe nawerenga duwa yomupempherera mwanayo. Ine ndinakweza manja pamodzi ndi anzanga, koma maganizo anali kunyumba. Mawu ndinawasiya pabwalo, koma Asiyatu ndinamusiya m'manja mwa achemwali, ndipo mayi wake sankatha n'kudzuka komwe. Mwini mbumba amalamula, koma mwana kumsana samubereka ndi iye.

Pobwerera, tisanafike pa njanji, tinamva kulira. Sikunali kwa maliro. Kunali kwa makanda ambirimbiri, aliyense ndi mkwiyo wake. Amuna anachepetsa mayendedwe. Mkulu wina wa ku Ntaja, amene sanayankhule chifikire, anati, "Amenewa ndi amoyo."

Tinapeza mzere utatha. Amayi anali atakhala m'mithunzi akuyamwitsa, ena akupepesa ana awo. Wa zaumoyo, malaya atanyowa ndi thukuta, ankakhuthula madzi a m'bokosi patsinde pa mango. Timabotolo tonse tinali topanda kanthu. Anati mankhwala sanakwane, amayi ochepa amene anazengereza anapeza atatha. Za Asiyatu sindinamufunse pagulu.

Ndinasamba m'manja, ndinazungulira kuseri. Achemwali anali atakhala pamthunzi wa nkhokwe, Asiyatu ali pamiyendo pawo akusisima ngati mwana amene walira kwambiri. Pamkono pake anamugwirizira kathonje.

"Anamupititsa ndani?"

"Mayi wake. Anatuluka yekha atagwira khoma, wanditsomphola mwana. Kufika pa mangopo manja ali njenjenje, mwana afuna kugwa. Ndikanatani? Ndamugwira ndine."

Ndinawayang'anitsitsa.

"Musandiyang'ane choncho, achimwene. Sindinasinthe. Akatentha usiku, ndikudzutsani inu, mukamufune dokotala wanuyo ndi miyendo."

"Mundidzutse."

Mlendoyo anadya nafe mbale imodzi. Atatsanzika ndinamuperekeza mpaka pa njanji, chimene sindichitira aliyense. Dzina lake sindinalifunse, ndipo sindinamuonenso. Ngati ali moyo n'kuwerenga izi, adziwe kuti ku Nkaya kuli nkhalamba imene imamukumbukira.

Madzulo lole ya ku Ntaja inanyamuka. A kutsidya kwa njanji anatenga ndowa zawo. Amayi anasesa phulusa, napinda mphasa zobwereka, mafuwa anatsala akuda kuseri kwa nyumba. Mbuzi zinabwera zokha, panalibe amene anakumbukira kukazitenga. Bambo wa Yusufu anakhala pachitsa mpaka mdima, ndipo ndinamusiya. M'nyumba munali zii. Mayi wa Yusufu anali atagona kwa nthawi yoyamba chidwalire mwana. Asiyatu anagona kwa achemwali, iwo atakhala tsonga pambali pake, dzanja lili pamsana pa khandalo.

Ndinatenga mphasa yanga, ndinaiyala pakhomo pawo penipeni kuti asavutike kundifuna. Sanandidzutse usiku umenewo, ngakhale usiku wina uliwonse.