Masiku Amene Lusungu Anandipatsa

Kodi munthu amene wapereka chinthu chake mwa kufuna kwake tinganene kuti anaberedwa? Funso limeneli ndakhala nalo zaka zoposa makumi awiri. Linadzukanso chaka chino pamene buku lomaliza la nkhani ina yaitali, imene ndinayamba kuiwerenga ndili mwana, linatuluka. Ndinaligula ku Lusaka, ndinaliwerenga masiku atatu, ndipo nditalitseka maganizo anga sanali pa mafumu ndi mizimu ya m'bukumo. Anali pa nsanja ya mitengo m'dambo lina kufupi ndi Kambombo, pamene mkulu wanga Lusungu ankakhala tsiku lonse akupirikitsa mbalame.

Ndikukumbukira chaka chimene tinali mu giredi seveni. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Lusungu khumi ndi zinayi. Tinali m'kalasi imodzi chifukwa sukulu inali kutali, njira yake yodutsa m'thengo, ndipo atate sanafune kuti mwana wamkazi aziyenda yekha. Choncho Lusungu anadikira zaka ziwiri kuti miyendo yanga ikule. Pa masamu ankandiposa kutali. Ankawerengetsera mumtima, milomo ikugwedera pang'ono, yankho n'kutuluka ine ndikadajambula timitengo m'mbali mwa kope. Koma Chingerezi chinkamulemera. Ankawerenga liwu limodzilimodzi, chala chili pa tsamba, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo, chiyambi chake chinali chitamuthawa kale.

Aphunzitsi athu anali a Chanda, mayi wamtali wochokera ku migodi, amene sanazolowere kutentha kwa m'chigwa chathu ndipo ankayenda akudzikupiza ndi kope. M'bokosi lawo lachitsulo munali mabuku anayi ochindikala, onse a nkhani imodzi, ndipo ankati wolembayo analonjeza kuti adzakwana asanu ndi awiri. Mabukuwo sankachoka pakhomo pawo. Anali atabwereketsapo kamodzi, bukulo n'kubwerako lopanda masamba angapo, chifukwa agogo a mwana wobwerekayo anaona kuti pepala lake linali lopyapyala bwino, loyenera kupichirira fodya. Kuyambira pamenepo lamulo linali lakuti wofuna kuwerenga azikhala pakhonde pawo tikaweruka, atasamba m'manja.

Nkhaniyo inali ya dziko losakhalako, la miyezi iwiri kumwamba ndi mitsinje yoyenda chokwera phiri. Mudzi wa mtsikana wina unamezedwa ndi nthaka, n'kutsala chitseko chokha cha nyumba yawo. Anauzidwa kuti akachiika pa khoma loyenera chidzatsegukira kwawo, koma chidzatseguka kamodzi kokha, ndipo akalakwitsa khoma sadzaonanso abale ake. Motero anachibereka kumsana, n'kumayenda nacho dziko ndi dziko. M'buku lililonse ankafika pa khoma looneka ngati ndi lomwelo, ndipo wowerenga ankagwira mtima.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, mpunga unachedwanso, moti nyengo yonse ya mbalame inagwera m'temu yachiwiri. Amene sanalimepo mpunga sadziwa kuti mpheta ndi chiyani. Zimabwera ngati utsi wochokera ku mtsinje, n'kutera pa ngala pamene mbewu ikadali mkaka, ndipo munthu akatembenuka kukamwa madzi, pobwerera amapeza mankhusu okhaokha. Pa nsanja pankachokera zingwe za luzi zopita mbali zonse za munda, zomangidwa zitini zokhala ndi timiyala. Ntchito inali kukoka zingwezo, kuponya mibulu ya dothi, ndi kukuwa kuyambira m'mawa mpaka mawu atasasa. Munda unkanunkhira ngati mpunga uli kale pamoto, koma pansi pa nsanja panali matope ndi misundu, ndipo udzudzu wa m'dambo sunkadikira kuti kude.

Atate ankalonda chimanga kumunda wina chifukwa cha anyani, amayi anali ndi khanda. Choncho atate anagawa masiku mwachilungamo: Lolemba Wezi kusukulu, Lusungu ku mbalame, Lachiwiri kusinthana. Wezi ndine. Amene wapita kusukulu ankayenera kudzera kumunda pobwerera, chifukwa mbalame zimabweranso mwamphamvu dzuwa likapendeka. Pa nthawi imeneyo ndi pamene ndinkamufotokozera Lusungu m'Chisenga, chinenero chathu, zimene ndawerenga pakhonde. Amayi atamva anatidzudzula kuti nthano sizinenedwa dzuwa lili m'mwamba, wozinena amasochera pa njira yomwe amaidziwa. Lusungu anayankha kuti, "Si nthano iyi, amama, ndi buku la aphunzitsi." Amayi ankaopa chilichonse cha aphunzitsi, ndiye anangoti tisaiwale kukoka zingwe. Lero ndimaona kuti mwambo umenewo unali ndi nzeru zake. Akuluakulu ankadziwa zimene nkhani yokoma imachita kwa munthu amene ali ndi ntchito m'manja.

Tsiku loyamba panalibe chinyengo. Mtsikana wa chitseko anali atafika pa khoma la mchere, wamasula chitseko kumsana, wachiimika, ndipo pomwepo a Chanda anati nthawi yatha. Nditafotokoza mpaka pamenepo, Lusungu anasiya chingwe.

"Manje wachiika?"

"Sindikudziwa, asisi. Aphunzitsi atseka buku."

Anayang'ana munda. Tsiku lotsatira linali lake lopita kusukulu. Kenaka anati, "Mawa upite ndiwe. Ine ndikapita ndikangowerenga mizere itatu, dzuwa n'kulowa, tonse n'kufa osadziwa."

Apa ndiyenera kulemba mosamala, chifukwa ndi pamene pagona funso langa. Ndinali nditaona mmene wolemba bukulo ankamalizira mitu yake. Sankasiya munthu atakhala pansi. Ankamusiya phazi limodzi lili m'mwamba. Luso limeneli ndinaliphunzira msanga kuposa china chilichonse chimene sukulu inandiphunzitsa. Ndinkawerenga masamba makumi awiri, koma pa nsanja ndinkafotokoza khumi ndi asanu, n'kuima pamene bwato layamba kulowa madzi kapena pamene mlonda wagwira chitseko. Zotsalazo ndinkasunga, ndipo ndinkati aphunzitsi atseka buku. Sindinkadana ndi mkulu wanga. Ndinkadana ndi misundu, ndi dzuwa lowotcha pa liwombo. Ndinkakonda simenti yozizira ya pakhonde lija, ndi fungo la pepala lakale losakanikirana ndi la mankhwala ophera njenjete. Sindinamupemphepo tsiku lake ngakhale kamodzi. Ndinkangoima pa malo oyenera, iye n'kulipereka yekha.

M'kalasi akaitana dzina lake, ndinkayankha kuti ali ku mbalame. Yankho limeneli linali lokwanira, popeza mabenchi ambiri anali opanda anthu pa chifukwa chomwecho. Koma a Chanda ankadziwa mutu wa Lusungu. Tsiku lina anandipatsa pepala la masamu kuti ndikamupatse. Analilemba pa nsanja pomwepo, pepala lili pa bondo, dzanja lina likukoka chingwe, ndipo linabwerera kusukulu lili ndi zidindo za zala zamatope. Sanalakwitse ngakhale funso limodzi. A Chanda analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ukamuuze kuti mawa ndikumufuna pano, iye mwini." Uthengawo ndinaupereka, pa ichi sindinganamiziridwe. Koma ndinasankha nthawi youperekera. Ndinayamba ndamufikitsa mtsikana wa chitseko pa mlatho wa zingwe, adani ali kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka ndinanena, ngati chinthu chongokumbukira, kuti aphunzitsi akumufuna. Lusungu anati adzapita mkuja. Sanapite.

Nyengo ya mbalame inatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'masabata amenewo Lusungu anaponda kusukulu masiku anayi. Mpunga unapulumuka, tinakolola bwino. Koma panyumba panali pataphunziridwa chinthu china chimene palibe anachinena: kuti pakafunika mwana wotsala, wotsalayo ndi Lusungu. Anatsala pa kumweta, anatsala pa kupuntha, anatsalanso pamene amayi anapita ndi khanda ku chipatala ku Chama. Zotsatira za mayeso zitatuluka, ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko kuboma. Dzina lake panalibe. Atate anati abwereze, ndipo anayambadi, koma mbalame zinabweranso pa nthawi yake, ndipo ulendo uno panalibe wosinthana naye. Anakwatiwa ku Chikwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ku yunivesite ndinaphunzira kusanthula zinthu zotere bwinobwino. Malo a ku sekondale anali ochepa. Atsikana ambiri a m'chigwa ankathera pomwepo, ngakhale amene analibe mng'ono wodziwa kukometsa nkhani. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sangasenze mlandu wa mvula yochedwa kapena wa sukulu yakutali. Zonsezi ndi zoona, ndipo ine, pokhala mphunzitsi tsopano, ndazifotokozapo kwa ophunzira anga. Koma sizichotsa mfundo imodzi yaing'ono: atate anagawa masiku mofanana, ndipo amene anasokoneza kugawako ndine.

Buku lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi ndinawapeza patapita zaka, pa matebulo a ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Zimene zinali m'menemo ndinamufotokozera Lusungu mwachidule, pa maliro ena ndi pa ukwati wina. Mafoni atafika ku Chikwa, funso lija linasanduka moni wathu. Asanafunse za umoyo, amayamba ndi kuti, "Iwe Wezi, chitseko chija wachiika?" Ine ndimati sanachiike, n'kuseka tonse.

Mwezi wa Meyi chaka chino ndinapita ku Chikwa ndi buku lomaliza m'chikwama. Pakhomo anandiuza kuti anyina Taonga, monga amamutchulira tsopano, ali kumunda. Ndinamupeza pansi pa nsanja akuumba mibulu ya dothi, ndipo pamwamba panali Taonga, mwana wake wa zaka khumi ndi zitatu, akukoka zingwe. Zitini zinali zosakanikirana ndi mabotolo apulasitiki, koma phokoso linali lomwe lija. Ndinakhala pa chitsa, ndipo ndinafotokoza buku lonse kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, osaima pena paliponse. Mtsikana uja, atakalamba, anapeza khoma lake pafupi ndi pamene anayambira ulendo, anaika chitseko, chinatseguka, ndipo analowa.

"Basi?" anatero Lusungu. "Zaka zonsezi, msana wonse kupindika, khoma lili kuseri kwa nyumba? Koma azungu alibe chisoni. Ine ndinkati akachiwaza nkhuni m'dziko lozizira lija limene anadutsamo."

Ndinaseka, kenaka ndinanena chimene ndinabwerera. Ndinamuuza kuti masiku aja aphunzitsi sankatseka buku pamene ndinkanenapo, ndinkaima dala kuti andipatse tsiku lake.

Sanasiye kuumba dothi. "Ndinkadziwa. Ukanama unkayang'ana kumbali ngati galu wadya mazira."

"Nanga munkavomera bwanji, asisi?"

"Iwe unkaganiza kuti pa nsanja pali chiyani choti munthu n'kuchidikira? Mbalame?" Anaika m'bulu padzuwa kuti uume. "Ndinkafuna kumva. Ndikanapita ine, tonse sitikanamva."

Ndinadikira kuti anene kuti palibe mlandu, kapena kuti mlandu ulipo. Anangondifunsa ngati a Chanda akadali moyo, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinkadziwa. Kenaka anati, "Pepala lija la masamu, sindinalakwitse, eti?" Ndinati sanalakwitse ngakhale limodzi. Anagwedeza mutu ngati munthu amene watsimikizira chinthu chimene ankachidziwa kale.

Taonga anali atasiya kukoka zingwe kalekale, ndipo mpheta zinali zitatera kumapeto kwa munda. Amayi ake anamukalipira, iye anakoka kawiri, n'kuwerama kundifunsa ngati buku loyamba ndili nalo, chifukwa iye wangomva mathero okha. Ndinati ndidzatumiza onse. Ndipamene ndinakumbukira kuti tsikulo linali Lachitatu, ndipo sukulu zinali zitatsegulidwa. Ndinauza Lusungu kuti mwanayo anayenera kukhala m'kalasi.

"Manje ukaziuze mbalame, iwe wophunzira," anatero, mosakwiya. "Mawa apita. Amasinthana ndi mng'ono wake Temwani, palibe wokonderedwa."

Zambiri zasintha m'chigwa. Sukulu zayandikira, mafoni alipo, ndipo buku limene kale linkasungidwa m'bokosi lachitsulo ndingalitumize pa basi sabata iliyonse imene ndafuna. Anayi oyamba aja ndinawagula nditabwerako, ndipo mabuku onse asanu ndi awiri ali patebulo panga, omangidwa kale ndi chingwe, dzina la Taonga lili pamwamba. Papita miyezi itatu ndisanawatumize. Ndisananyamuke ku Chikwa ndinawapatsa atsikana awiriwo tsamba limodzi la buku lomaliza lija kuti awerenge mokweza. Taonga anaika chala pa mzere woyamba, monga ankachitira amayi ake. Temwani ndiye amawerenga msanga.