Chikopa cha Ng'ombe Yobweleka

"Ngati inafadi, chikopa chake chili kuti?"

Anandizazila chonchi bambo wina wa ku Kaumbwe, mnzawo wa malemu atate, anthu akumva. Mutu unanditentha pomwepo, poti ine mtima wapachala ndinabadwa nawo.

Nkhani inali iyi. Mng'ono wanga anakabweleka kwa iwo ng'ombe yolimila, imodzi mwa ziwili zimene anali nazo. Iwo ankakayika, ine n'kunena kuti, "Mpatseni, bambo. Chikaoneka chilichonse, mlandu ndi wanga." Ng'ombeyo inatupa mimba n'kufa. Mlangizi wa ziweto, mlendo wochokela kumigodi, analamula kuti ikwililidwe yonse, osasenda. Kwathu ng'ombe yobweleka ikafa, umapeleka chikopa kwa mwini, aone yekha kuti sunagulitse. Mlangiziyo sankadziwa zimenezo, ndipo m'masiku aja a chipani chimodzi munthu waboma sunkamutsutsa.

Ine ndinali womasulila m'khoti pa Boma la Petauke. Za chipukuta misozi ndinkazidziwa bwino: wotayikidwa chinthu abwezeledwe pamene anali chisanaonongeke, osapitilila, osapeleweza. Ndinawauza bambo aja zimenezo mokweza mawu.

"Ng'ombe yafa, ng'ombe ibwela. Tikakolola ndidzakupezelani ina. Chikopacho mukufuna muphike?"

Analoza mitambo imene inali kuda chakum'mawa.

"Iwe mwana wasukulu, mvula iyo idikila kukolola kwako? Ng'ombe yotsalayi isenza goli yokha? Ukuti undibwezela pamene ndinali. Pamene ndinali ine, bwenzi lelo ndili m'munda ndi pulawo."

Ndinachoka osatsazika. Koma ndikupalasa njinga, mawu awo anakana kundisiya. Zaka zonsezo ndinkamasulila lamulo lija kwa ena, ndikuganiza kuti chotayika ndi chimene chafa basi. Chikopa chinali cha ulemu wawo, ndipo chinali chitapita kale m'dzenje. Chimene chinkawadya mtima ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Ng'ombe yobwela pokolola siyibweza munda wosalimidwa pa mvula yoyamba. Ndiponso ine sindinalonjeze ng'ombe. Ndinati chilichonse.

M'mawa mwake kuntchito sindinapite. Ndinadzutsa mng'ono wanga ndi mkazi wake, tinanyamula makasu n'kukayamba kumunsi kwa munda wa bambo aja. Anatipeza dzuwa litakwela, n'kuima akuyang'ana mzele wanga wokhotakhota.

"Wasukulu, wongola."

Ndinameza zimene zinali pakamwa, n'kuuyambilanso mzelewo.