Aneba Anga Opolisha Zigongono

Taganizirani m'mawa wamba kuno ku Livingstone. Aneba anga, ogulitsa ziboliboli pa Mukuni Park, ali pakhonde kujambula zigongono zawo. Amadwala psoriasis, nthenda yotuwitsa ndi kuyabwitsa khungu, ndipo pulogalamu ya pafoni imatumiza zithunzizo kwa dokotala. Koma bambowa amayamba apaka mafuta n'kusankha mbali yosalala, ngati akugulitsa mvuu yamtengo.

"Ba neba, mukunamiza ndani?" ndinawafunsa tsiku lina nditatopa nazo. "Dokotala aziti mwachira, inu mukudzikanda mpaka magazi!"

"Ba ticha, katundu ni polishi," anatero. "Nionetse voipa?"

Ngakhale ana a giredi wani sandivuta chonchi! Ndinaima pomwepo mpaka anajambula chigongono mmene chinalili. Dokotala ataona anasintha mankhwala, ndipo lero bambowa amagulitsa atavala malaya a manja aafupi.