Mafupa a Mlamba pa Injini ya Malume

Mlamba uja ndinauika ndine, sindikukana. Ndinautola pamsika wa Bangula utayamba kale kununkha, ndipo ndinaukankhira pakati pa injini ndi batire ya galimoto ya malume. Ndinkafuna nawonso alawe fungo, chifukwa ankakonda kundikhazika kumbuyo pamodzi ndi madengu a nsomba, anzanga akusukulu akuona, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu. Sabata imeneyo malume ankayendetsa atatulutsa mutu pawindo. Mpaka pano ndikakumbukira ndimaseka.

Koma kuti mlamba ung'ambe chitsulo? Bodza limenelo ndi lomwe limandiwiritsa magazi.

Galimotoyo inali yakalekale, yokoka matayala onse anayi, yosaopa matope ngakhale mchenga. Vuto lake linali mwini wake. Kukatentha, kamuvi ka geji yoonetsa kutentha kwa injini kakafika pofiira, malume ankaima, kutsegula boneti, n'kukhuthulira madzi ozizira pa injini ngati akusambitsa ng'ombe yotopa. "Imwe, ipume," ankatero, nthunzi ili tolotolo. Tsiku lina ndinawauza zomwe tinaphunzira m'kalasi, kuti chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'ambika. Anandifunsa kuti aphunzitsi angawo ali ndi magalimoto angati.

Ndiye mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, galimoto inayamba kutulutsa utsi woyera, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Anaitana makanika wawo wa nthawi zonse, bambo wa ku Chiromo wolankhula Chisena chosakaniza. Bamboyo anasuzumira, nanena kuti hedi yang'ambika, chitsulo cholemera chija chimene chimavundikira injini pamwamba. Mwatsoka langa, pambali pake panali mafupa a mlamba, ouma gwa.

Malume anawanyamula ndi sipanala, n'kupita nawo kwa amayi.

"Achemwali, taonani ntchito za mwana wanu. Wandilodzera galimoto."

"Malume, nsombayo ndi ine, koma hediyo ndi madzi anu aja!"

Malume anandimenya khofi. Bambo anali kutali, kominda ya nzimbe, ndipo kwathu mawu a malume ndiwo amatseka nkhani. Chigamulo chinali chakuti sukulu yathera pomwepo, Fomu 3 yanga ikhale yomaliza. Galimoto ikangodzuka, andiperekeze kudooko, ndiwoloke kupita ku Makhanga kukaweta ng'ombe zawo. Podikira, ndikhale manja a makanika. Amayi analira, koma anavomera, poti mbiri yanga ankaidziwa: chule m'nsapato ya wapampando wa kwaya, tsabola m'fodya wa mlonda wa kusukulu. Zonsezo ndinachitadi, ndipo zinakoma.

Tinagwira ntchito pansi pa mtengo wa nimu. Tinakhetsa madzi ndi oyilo, tinachotsa mapaipi, tinamasula mabawuti kuyambira m'mbali kulowa pakati. Hediyo tinaitukula ndi mtengo ndi chingwe, ine mbali ina, makanika mbali ina, malume atakhala pampando akutiuza kuti tisamale. Titaitembenuza, mng'alu wake unali waung'ono ngati tsitsi. Kanthu kotere n'kumandichotsera sukulu! Kenako anandipatsa lezala kuti ndipale gasiketi yakale, chotsekera mpata pakati pa hedi ndi injini, yomwe inamatirira pa injinipo, mpaka zala zinachita matuza.

Malume atachoka ndinamufunsa makanika uja. "Bambo, inu mukudziwa chimene chang'amba hediyi. Bwanji simukunena?"

"Nkhabe, mphale," anakana m'Chisena chake osandiyang'ana. "Ine ndimakonza magalimoto. Milandu ya pabanja si yanga."

Wamantha! Ankadziwa bwinobwino, koma ankaopa kutaya kasitomala. Munthu wamkulu, wa imvi, n'kulola mwana akadyedwe ndi udzudzu ku Makhanga chifukwa cha mafupa a nsomba. Ndinapala gasiketi ija ngati ndikupala nkhope yake.

Hedi ina, yogwirapo kale ntchito, inabwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre itakulungidwa m'thumba la chimanga. Tinayala gasiketi yatsopano, tinaikhazika, makanika n'kumanga mabawuti kuyambira pakati kupita m'mbali, pang'onopang'ono, akubwerezabwereza. Pomaliza anafuna kuona ngati geji ikugwira. Anazula kawaya kake pa injini, n'kukagunditsa kuchitsulo, ndipo kamuvi kanalumphira pofiira injini ili zii. Iye anangogwedeza mutu n'kubwezeretsa kawayako. Ine ndinagwedezanso mutu wanga.

M'mawa wa tsiku la ulendo, anthu akumwa tiyi, ndinalumikiza waya wautali pa kawaya kaja, n'kuudutsa pansi pa galimoto mpaka kumbuyo. Ndinkadziwa kuti andikhazika komweko. Kutsogolo kunakwera malume, amayi ondiperekeza, ndi makanika womvetsera injini yake. Ine kumbuyo ndi chikwama changa, nsonga ya waya ili m'manja.

Ndinadikira mpaka tinafika pa mjigo wa m'mbali mwa msewu, pomwe amayi ambiri anali pamzere ndi ndowa zawo. Ndinagunditsa waya kuchitsulo.

Mabuleki anakuwa. Malume anatumphuka, boneti m'mwamba, n'kulanda ndowa yodzaza kwa kamtsikana kena. Makanika anatuluka ngati walumidwa ndi nkhanu, nsapato imodzi n'kutsala m'galimoto.

"Akulu, musathire! Musathire! Mufuna muing'ambenso? Yoyamba ija munaipha ndi madzi omwewa!"

Mjigo unasiya kulira. Amayi onse aja anatembenuka. Amayi anga anatsika pang'onopang'ono, akumanga bwino chitenje.

"Bambo, mwati yoyamba ija inafa ndi chiyani?"

Makanika anayang'ana malume, anayang'ana pansi. "Madzi ozizira, mayi. Injini ikatentha sathira."

"Nanga nsomba?"

"Nsomba imangonunkha basi."

Wina pamzere anaphulika kuseka. Amayi sanaseke. "Achimwene, mwana wanga mukanamusiyitsa sukulu chifukwa cha ndowa yanu?" Malume anagwirabe ndowa ija, madzi akudonthera pa nsapato zawo, mpaka kamtsikana kaja kanati, "Agogo, ndowa yangayo." Amayi anandiyang'ana kumbuyo kuja. "Tsika ndi chikwama chakocho. Mawa kusukulu."

Ndinasiya waya, kamuvi n'kugwa. Makanika anautsatira ndi zala pansi pa galimoto mpaka pomwe ndinakhala, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuukulunga m'thumba lake osandiulula. Milandu ya pabanja si yake, paja.

Tinabwerera kunyumba wapansi, ine ndi amayi, fumbi likuwotcha mapazi. Panjira anandikoka khutu chifukwa cha mlamba uja, ndipo limenelo ndinalilandira, linali langa. Koma malume mpaka lero sanandipepese. Kumsika amauza anthu kuti makanika analankhula chifukwa cha dzuwa, ndipo akandipatsa lifiti amandilozerabe kumbuyo. Ndimakwera mwaulemu, n'kuthokoza. Madzi anasiya kuthira pa injini, koma boneti amaitsegula m'mawa uliwonse, n'kununkhiza.