Amayi Anga pa Bolodi la a Makwinja

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Sitandade 7, pamene amayi anga anayamba kuphunzira nane m'kalasi imodzi. Tinkakhala ku Matawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono. Bambo anali atamwalira. Ankagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma m'tauni, ndipo atapita anatisiyira njinga yakapalasa ndi jekete limodzi la kutchalitchi.

Chimene chinatisunga mu Zomba ndi sukulu yaulere. Boma latsopano litanena kuti ku pulayimale kulibenso kulipira, ana anakhamukira m'masukulu, ena ataberekana kumbuyo, ena ndevu zitayamba kale kumera. Aphunzitsi anachepa, choncho boma linalemba anthu ambiri amene anali asanapondeko ku koleji ya uphunzitsi. Amayi, amene analekezera Fomu 2 ine ndisanabadwe, analowa m'gulu limenelo. Anawapatsa Sitandade 2 pa sukulu yomwe ine ndinkaphunzira, ndipo kalasi yawo inali pansi pa mtengo wa bulugamu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Ankaphunzitsa kuwerengera ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo ana ankawakonda.

Patapita zaka zingapo, wailesi inalengeza kuti aphunzitsi onse olembedwa motero aphunzire ntchito. Anayenera kukakhala ku koleji miyezi ingapo, kubwerera kusukulu ndi mabuku oti aziwerenga okha, kumakumana Loweruka ndi alangizi a maphunziro, ndipo pomaliza kulemba mayeso. Mawu amene ankamveka pakati pa aphunzitsi ndi akuti wolephera ntchito yake yathera pomwepo. Maphunziro ena onse amayi ankawakhoza, koma masamu anawaima pakhosi. Mayesowo sankafunsa za timiyala ta Sitandade 2 zokha. Ankafuna masamu onse a pulayimale mpaka Sitandade 8, ndipo mafulakishoni, masamu aja a zibenthu, amayi anali atawaiwaliratu.

Amalume anali atanena kale poyera kuti ntchitoyo ikatha adzatitenga tonse kupita kumudzi, kuseri kwa Malosa. Anawonjezera kuti mtsikana wamkulu ngati ine sasowa chochita kumunda. Sananene kuti ndidzasiya sukulu, koma ndinamva bwinobwino, ndipo ndinkachita mantha.

Ana a Sitandade 2 ankaweruka msanga, ife a makalasi aakulu tikadali mkati. Amayi anapita kwa ahedi ndi kwa mphunzitsi wathu wa masamu, a Makwinja, kukapempha kuti ana awo akaweruka azibwera kudzakhala m'kalasi mwathu. A Makwinja anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, wophunzira ntchito kalekale. Ankayenda wapansi kuchokera ku Likangala tsiku lililonse atamanga tayi, ndipo sindikukumbukira atakwezapo mawu. Anali munthu waulemu kwambiri, wa mtundu uja wopereka moni ngakhale kwa mwana wa Sitandade 1 ndi manja awiri.

Tsiku loyamba amayi atalowa, tonse tinaimirira n'kupereka moni wa madamu monga mwa masiku onse. Iwo anakonza chitenje chawo, n'kulunjika kumbuyo kumene kunkakhala atsikana, kuti akakhale pansi. Madesiki tinalibe, tinkakhala pa simenti yokumbikakumbika. A Makwinja anadzidzimuka ngati aona njoka. Anatuma mnyamata kuti athamange kuofesi akatenge mpando, ndipo anaupukuta okha ndi mpango wawo wa m'thumba. Anati mphunzitsi mnzawo, mayi wa ana, sangakhale pafumbi iwo ali chiimire. Amayi anakhala pampandopo, chifukwa kukana kukanakhala mwano.

Zinayenda choncho kwa milungu ingapo. A Makwinja ankatifunsa mafunso tonse, wina ndi wina, koma amayi sankawaloza. Poyendera mizere ndi cholembera chofiira, akafika pa iwo ankangosuzumira m'kope pang'ono, n'kunena kuti zikuyenda madamu, n'kudutsa. Kope la amayi linali loyera, lopanda chofiira ngakhale chimodzi, pamene makope athu anali ngati aphedwerapo nkhuku.

Ine ndinkachita manyazi, ndisabise. Pa buleki anzanga ankandifunsa ngati homuweki timakoperana ndi mnzanga wa m'kalasi uja, komanso ngati amayi akapanga phokoso ndiziwalemba dzina. Ndinkaseka nawo kuti nkhani ithe msanga, koma mumtima ndinkalakalaka amayi atapeza kalasi ina. Kunyumba sindinkatchula za masamu, ndipo iwonso sankandifunsa. Ndinkadziwa kuti m'kope mwawo muli zolakwika, popeza ndinkaliona likakhala patebulo. Koma amayi omwewo ndi amene anandilera kuti mwana sauza wamkulu kuti walakwa. Wamkulu ukamamupatsa madzi umagwada, akamalankhula umayang'ana pansi, ndipo akaphonya umadikira kuti aone yekha.

Loweruka lina amayi anabwera kuchokera ku msonkhano wa alangizi. Anali atawapatsa mayeso oyeserera, ndipo masamu anali atalepheranso, pamalo omwe aja. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osavula nsapato. Kenako anadzuka, n'kutenga ndowa kupita kumpopi, ndipo pobwera anangonena, osati kwa ine kwenikweni, kuti safunsa anadya phula, koma iwo akudya phula atakhala pampando.

Lolemba lake kunazizira kwambiri. Unali mwezi wa Juni, chifunga chitatsika kuphiri mpaka kuphimba mitengo ya paini, ndipo ife tinali titapinda miyendo m'madiresi, manja m'khwapa. Amayi analowa nthawi yawo ija. Tinaimirira, tinapereka moni. Iwo sanakhale. Ananyamula mpando uja okha, anakauika pakhonde, anabwerera n'kukhala pansi pakati pa atsikana, miyendo atatambasula monga timakhalira kumaliro.

"Aphunzitsi, mundikhululukire," anatero. "Mpando uja ukundipha. M'chipinda cha mayeso ndikalowa ndekha, ulemu wanu ukatsala panja. Ndifunseni ngati ana enawa."

A Makwinja anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Ndinaona kuti zawavuta kwambiri, kuposa mmene zinawavutira amayi. Kenako anatembenukira kubolodi n'kulemba samu yophweka, theka kuphatikiza limodzi mwa magawo atatu. Anapereka choko kwa amayi ndi manja awiri.

Amayi anayenda kupita kutsogolo, akulambalala miyendo ya ana. Anaima, anaganiza, kenako anaphatikiza manambala apamwamba paokha, apansi paokha. Analemba kuti yankho ndi awiri mwa magawo asanu. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti aphonya.

M'kalasi mwa a Makwinja munali mwambo wake. Mwana akamaliza pabolodi, iwo ankafunsa kalasi ngati wakhoza, ife n'kuyankha pamodzi. Ngati walakwa, mwana wina ankapita kukakonza, ndipo asanakhale pansi ankathetha yankho lolakwikalo, kulemba mtanda pambali pake kuti aliyense aone pamene panali dzenje. Tsiku limenelo anafunsa motsitsa mawu ngati madamu akhoza. Palibe anayankha. Anafunsanso. Kumbuyo kunamveka timawu tiwiri titatu toti akhoza, ndipo ena anatsatira, ngakhale amene ndinkadziwa kuti akuona cholakwikacho. Sanali kunama mwa chipongwe. Ankachita zimene tonse tinaphunzitsidwa kwathu.

Masamu ndinkawakhoza, ndipo kalasi ikakanika a Makwinja ankakonda kuloza ine. Tsiku limenelo maso awo anandidumpha. Sakanatuma mwana kukathetha mayi ake. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumayang'ana nyerere imene inkadutsa mumng'alu wa simenti, ndikupemphera kuti belu lilire.

Amene anandiitana ndi amayi.

"Enelesi, ukuyang'ana pansi bwanji? Ndakhoza?"

Ndinayankha monong'ona kuti tikakambirana kunyumba. Ndinkaganiza kuti ndapeza njira yabwino, yosunga ulemu wawo ndi wanga womwe. Iwo anapukusa mutu.

"Kunyumba ndine mayi ako, ukandiopa ngati mmene wakhala ukundiopera masiku onsewa. Muno ndine mnzako wa Sitandade 7. Ukandibisira lero, chaka chamawa ukalima ku Malosa. Dzuka."

Sanakalipe. Analankhula ngati akundituma mchere kwa aneba. Koma aka kanali koyamba kuti atchule za kumudzi pamaso panga, ndipo anatchula pamaso pa kalasi yonse. Ndinadzuka. Nditafika kutsogolo ndinapinda maondo polandira choko, ndipo zala zawo zinali zozizira ngati zanga.

Ndinatembenukira kubolodi. Ndinajambula nzimbe yaitali n'kuidula zidutswa zisanu ndi chimodzi zofanana. Ndinaonetsa kuti theka la nzimbeyo ndi zidutswa zitatu, ndipo limodzi mwa magawo atatu ndi zidutswa ziwiri. Zonse pamodzi zidutswa zisanu, kutsala chimodzi. Ndinalemba yankho, asanu mwa magawo asanu ndi limodzi. Kenako ndinatola kansanza kofufutira, kuti ndichotse yankho la amayi mwakachetechete, lisaonekenso. Iwo anandigwira pamkono.

"Usafufute. Thetha, ngati mmene umachitira ndi anzako."

Ndinathetha. Choko chinalira pabolodi, ndipo mtandawo unatuluka wokhota. Palibe anaseka. A Makwinja anali atayang'ana kuwindo.

Amayi anaima nthawi yaitali akuyang'ana nzimbe yanga ija, akuwerenga zidutswa ndi chala. Kenako ananena okha kuti ndiye kuti iwo anatenga theka, anawonjezerapo china, n'kupeza chochepa kuposa theka lomwelo, zinthu zimene ngakhale wogulitsa nzimbe pamsewu sangavomere. Anaseka pang'ono, n'kupempha a Makwinja kuti awapatse ina. Anawapatsa. Anakhoza. Anawapatsanso ina yovutirapo, anaphonya, ndipo ulendo uno mnyamata wina wa kutsogolo anakweza dzanja yekha, anapita kukakonza, anathetha. Ine ndinali nditabwerera pamalo panga, nkhope nditaibisa m'maondo, ndikulira. Sindinkadziwa ngati ndikulira manyazi kapena chisoni, koma ndinkamva ngati ndawamenya amayi anga pagulu.

Pobwerera kunyumba tinayenda limodzi, zimene sitinkachita masiku ena. Sananditonthoze, sanandiyamikire. Anangondiuza kuti tikadya nditenge kope lawo ndiyambire tsamba loyamba, ndipo anandigulira cholembera chofiira pa okala ya panjira. Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndinakhala pakhonde n'kuthetha masamba ambiri, iwo ali pambali panga akufunsa chifukwa chake pa samu iliyonse.

Kuyambira tsiku limenelo a Makwinja anayamba kuwachongera ndi kuwathetha ngati wina aliyense, ngakhale kuti nthawi zonse ankayamba ndi kupepesa. Zonditonza pa buleki sizinatheretu, ana ndi ana, koma zinachepa mphamvu. Chinanso chimene ndinaona n'chakuti anzanga ena, amene chaka chonse ankangoyankha nawo pagulu kuti amva, anayamba kukweza dzanja n'kunena kuti sanamve. Zinali zovuta kuchita manyazi ndi funso pamene madamu a Sitandade 2 ali pafumbi pomwepo akufunsa lawo.

Mayeso analemba kumapeto kwa maphunzirowo, ndipo zotsatira zinachedwa kwambiri, moti amalume anafika kawiri kudzafunsa. Zitatuluka, amayi anali atakhoza. Masamu anangodutsa pang'ono, koma anadutsa. Tinakhalabe ku Matawale, ndipo ine ndinapitiriza sukulu mpaka kusekondale ndi kukoleji.

Lero ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo boma likasintha silabasi kapena kaphunzitsidwe, ndimakhala m'gulu la otumidwa kukaphunzitsa aphunzitsi anzanga. Ndimalowa m'chipinda modzaza anthu akuluakulu, ena a imvi, ena ahedi. Ndikafunsa ngati tamvana, onse amavomera. Wina akaphonya pabolodi, anzake amayang'ana pansi, makamaka ngati wophonyayo ndi wamkulu kwa iwo. Sindiwaweruza, chifukwa ndikudziwa kumene khalidweli limachokera, ndipo si koipa. Koma ndikudziwanso kuti mphunzitsi amene tamusiya ndi cholakwika chake mwaulemu amabwerera nacho kusukulu, n'kukachigawira ana a kalasi yonse chaka ndi chaka. Ndiye ndimawauza za mayi wina amene ananyamula mpando wake n'kukauika pakhonde, ndipo nthawi zina pamapezeka mmodzi wolimba mtima amene amati ndibwereze, sanamve.

Amayi anaphunzitsa mpaka kupuma, ndipo zaka zawo zomaliza anawapatsa masamu a Sitandade 7. Anatisiya zaka zingapo zapitazo. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti tsiku lija ndinawachititsa manyazi ndipo iwo anangopirira chifukwa cha ife. Tsopano ndikuona kuti amene tinkawazunza ndi ife tonse amene tinkawakonda n'kumakhala chete, ine woyamba. Ndinawagwadira amayi anga kosawerengeka pa moyo wawo, powapatsa madzi, powalonjera, ndi pomaliza pambali pa bedi lawo kuchipatala. Pa zonsezo, chimene iwo ankakonda kufotokozera alendo, mpaka ukalamba wawo, chinali chakuti mwana wawo anawathetha pabolodi.